Kwa amayi amene afunsa za dimba la gulu ndi ma microgreens

Amayi, ndawerenga funso lanu: gulu lanu la banki mkhonde lapatsidwa kamalo kuseri kwa tchalitchi, ndipo mukufunsa ngati mungayambe ndi ma microgreens, timasamba todula tikadali tanthete, poti mwamva kuti amabweretsa ndalama. Ine ndikuti yambani ndi dothi. Malo ambiri m'tauni muno ndi ogogomala, odzaza majumbo ndi zidutswa za njerwa. Ife ku Area 25 kuno titayamba, khasu linkachita kudumpha.

Dothi lotere limakonzeka ndi kompositi, ndipo kompositi safuna ndalama, amafuna khama. Aliyense azibwera ndi makoko a nthochi, a mbatatesi, a mazira, zotsalira posadzula masamba ndi phulusa pang'ono. Kumsika ogulitsa kabichi amataya masamba ambiri madzulo, mukawapempha mwaulemu sakana. Yalani mapesi kapena udzu wouma pansi, pamwamba zaziwisi, kenako ndowe kapena zitosi za nkhuku, kadothi, n'kuwaza madzi. Bwerezani mpaka mulu ufike m'chiuno, koma zouma zizichuluka kuposa zaziwisi. Mkute, mafupa, mafuta ndi minga za nsomba musaikemo, zimaitana makoswe ndi agalu, ndipo aneba sachedwa kukadandaula kwa abusa.

Pakati pa mulu zikanipo ndodo. Pakapita masiku atatu kapena anayi, izuleni muigwire: izikhala yotentha, yonyowa pang'ono. Ikazizira ndiye kuti zaziwisi kapena madzi zachepa. Ife mulu woyamba tinauthira madzi mopitirira, moti fungo lake linkafika pamsewu. Tinaugumula, n'kusakaniza ndi masamba ouma a mango, sabata isanathe fungo linatha. Muzitembenuza pakatha masabata awiri alionse. Pa miyezi iwiri kapena itatu manyowa apsa: akuda bii, ofumbutuka, onunkhira ngati dothi la mvula yoyamba. Ena akuuzani za manyowa a Mbeya, aja osakaniza gaga, phulusa, ndowe ndi fetereza pang'ono n'kumanga m'thumba masiku 21. Ndi abwino pa mabedi ndi pa chimanga, koma ine pa timasamba sindiwagwiritsa ntchito.

Tsopano timasambato. Ndi mbewu zomwe tazizolowera kale, mpiru, repu, bonongwe, nsawawa, mpendadzuwa, kungoti timadula zikadali zanthete, pa masiku 7 mpaka 14, zikangotulutsa masamba oyamba. Dulani pakati zigubu za mafuta ophikira za malita 5, muboole pansi, muikemo kompositi wosefa wosakaniza ndi mchenga, kuya kwake zala zitatu. Fesani mothinana, vindikirani masiku awiri kapena atatu, zikamera muike pakhonde pofika kuwala koma posawomba dzuwa la masana. Madzi akachuluka zimachita nkhungu n'kugwa zonse usiku umodzi. Podula, sizasi ipite pamwamba pa dothi.

Apa ndikupemphani mumvetsetse, chifukwa timasambati timadyedwa tatiwisi. Mbewu za m'mapaketi zopakidwa mankhwala, zija zofiira kapena zobiriwira, musafese m'zigubu zimenezi. Tomato, mabiringanya, tsabola ndi mbatatesi ayi, masamba ake ali ndi poizoni. Thirirani madzi aukhondo a pampopi, osati otsukira mbale kapena a m'ngalande, ndipo zitosi zosawola zisayandikire.

Za ndalamazo ndinene chilungamo. Timasambati si ndiwo yodyera nsima. Beseni lonse mukaliphika limangotsala chipande chimodzi. Ogula ake ndi mahotela ndi malesitilanti a ku City Centre kapena Area 10, ndipo tikadulidwa sitichedwa kufota. Choncho tengani kachigubu kamodzi mukaonetse ophika kumeneko, akavomera m'pamene mufese zambiri. Timasambati timafunanso mbewu zambiri, n'chifukwa chake ife timasiya bedi limodzi la mpiru kuti lichite maluwa tipeze njere zathuzathu. Malo otsalawo dzalani nkhwani, chitambe, tchayinizi ndi anyezi, zimene ana kunyumba adye ndipo aneba agule pageti.

Chimene chimapasula magulu ambiri ndi madzi. Musanalime gwirizanani wolipira bilu, lembani m'kope tsiku lothirira la munthu aliyense, ndipo a mpingo akulembereni kalata yonena zaka zimene mugwiritse ntchito malowo. Mukaunjika mulu woyamba, jambulani mutumize m'gulu muno, mundiuzenso mmene ndodo ija ikutenthera.