Mendulo ya ngwazi imafuna mboni

Bambo wina wanditumizira imelo kufunsa kuti: "Kodi mendulo zapamwamba za kunkhondo amapatsa ndani? Msilikali aliyense wolimba mtima amalandira?"

Ayi bambo, si aliyense. Pali mendulo zomwe amagawira onse amene anapita ku nkhondo inayake, ndi wophika kumsasa yemwe. Zomwe mukufunsazi ndi za munthu amene anachita chinthu choti, akanachisiya, palibe akanamudzudzula.

Ku Britain yaikulu ndi Victoria Cross, yomwe Mfumukazi Victoria anakhazikitsa mu 1856, nkhondo ya ku Crimea ikutha. Ndi kamtanda ka mkuwa, kosanyezimira n'komwe, ndipo kaperekedwa ka 1,358 kokha. Amuna atatu okha ndiwo anakalandira kawiri, ndipo chimandisangalatsa n'chakuti awiri mwa iwo, Arthur Martin-Leake ndi Noel Chavasse, anali madokotala otola ovulala zipolopolo zikugwa ngati mvula. Ku America ili Medal of Honor, yomwe inayamba mu 1861.

Kuti muone mulingo wake, tengani Johnson Beharry, msilikali wa Britain wobadwira ku dziko la Grenada. Mu 2004 ankayendetsa galimoto yankhondo mumzinda wa Al Amarah ku Iraq pamene adani anawatchera msampha. Mabomba anavulaza mkulu wake ndipo galasi loonera njira linaphwanyika. Iye anatsegula chitseko cha pamwamba n'kuyendetsa mutu uli panja, chipolopolo chinagunda chisoti chake, koma anatulutsa gulu lonselo kenako n'kukasolola anzake ovulala m'galimotomo. Patadutsa milungu yochepa zinachitikanso. Ulendo uno anavulala koopsa m'mutu, komabe anabweza galimoto chafutambuyo mpaka pamalo abwino asanakomoke. Analandira Victoria Cross mu 2005.

Tsono kulimba mtima kokha sikukwana. Pamafunika mboni zoona ndi maso, mkulu wa asilikali alembe lipoti, lipotilo likwere maofesi ambiri mpaka lifike kwa mfumu kapena pulezidenti. Msilikali amene anachita zodabwitsa usiku, anzake onse n'kufa, nkhani yake imathera pomwepo. Ine ndimakhulupirira kuti ngwazi zosalembedwa ndi zambiri kuposa zolembedwa.

Nthawi zina mboni zilipo, koma wogwira cholembera ali ndi tsankho. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, msilikali wakuda wa ku America sanalandire Medal of Honor ndi mmodzi yemwe. Boma linadzatsegulanso mafayilo patapita zaka zambiri, ndipo mu 1997 Pulezidenti Bill Clinton anapereka mendulo kwa asanu ndi awiri. Wamoyo anali mmodzi yekha, Vernon Baker, yemwe anamenya nkhondo ku Italy mu 1945. Anaivala m'khosi ali ndi zaka 77.