Khoti likagulitsa sitima yogwidwa, malipiro a amalinyero amathera kuti?

Mayi, pepani ndi zimene zakugwerani. Mwati amuna anu amagwira ntchito m'sitima yonyamula katundu, sitimayo inagwidwa padoko la dziko lina chifukwa eni ake analephera kubweza ngongole ya banki, malipiro anasiya kalekale kubwera, ndipo tsopano mwamva kuti khoti lalamula kuti igulitsidwe. Mukufunsa ngati thukuta lawo lalowa m'madzi. Silinalowe. Ena akuyankhani kale kuti banki ndiyo idzakokolole zonse, koma zimenezo si zoona, ndipo zikundiwawa kuona munthu amene mtima uli kale m'mwamba akuuzidwa zomufooketsa. Pa malamulo a zapanyanja, m'mayiko ambiri, wogwira ntchito m'sitima amalandira banki isanalandire. Chofunika n'chakuti dzina la amuna anu ndi ndalama zimene akufuna zifike kukhoti limene likugulitsalo nthawi isanathe.

Ndiyambe ndi chifukwa chimene sitima imagwidwira. Lero ili padoko ili, sabata yamawa ili kutsidya lina la nyanja. Mwini wake kawirikawiri ndi kampani yolembetsedwa ku Panama, Liberia kapena Marshall Islands, ndipo chuma chonse cha kampaniyo ndi sitima imodziyo basi. Amene anaikongoza ndalama akhoza kupambana mlandu koma n'kusowa chogwira. N'chifukwa chake malamulo amalola kusumira sitima yeniyeniyo. Khoti la dziko limene yakocheza limalamula kuti isachoke mpaka nkhani ya ndalama ioneke mutu wake. Mayiko anapangana za zimenezi ku Brussels mu 1952, n'kudzakonzanso panganolo ku Geneva mu 1999.

Sitima zambiri zogwidwa sizifika pogulitsidwa. Mwini wake amathamangira ku inshuwalansi yake, imene amaitcha P&I Club, kapena kubanki, n'kubweretsa kalata yolonjeza kuti akaluza mlandu ndalama zidzaperekedwa, sitima n'kumasulidwa. Ena amakambirana n'kugwirizana. Mukukumbukira Ever Given, imene inatseka ngalande ya Suez mu Malichi 2021. Khoti la ku Egypt linaigwira mu Epulo, oyang'anira ngalandeyo akufuna madola oposa 900 miliyoni, koma atagwirizana inanyamuka mu Julayi chaka chomwecho. Choncho khoti likafika polamula zogulitsa, dziwani kuti palibe amene wabwera kudzaiombola. Eni ake ashota kapena athawa. Mauthenga awo oti dikirani pang'ono ndalama zikubwera musawawerengerenso.

Ine ndikuona kuti lamulo logulitsali ndi nkhani yabwino koposa zonse zimene mwamva chiyambire vutoli. Sitima yongokhala imadya ndalama usana ndi usiku. Doko likulipiritsa malo. Jenereta ikufuna mafuta kuti magetsi ayake, mafiriji azizire, mapampu azichotsa madzi olowa pansi. Anthu akufuna chakudya ndi madzi akumwa. Kunsi kwa sitima kukumera ndere ndi nkhono, dzimbiri likudya zitsulo, injini yaikulu yakhala miyezi osaliza, ziphaso zosonyeza kuti ingayende panyanja zikutha masiku chimodzichimodzi. Mwezi uliwonse mtengo wake ukutsika pomwe ngongole zikukwera, ndipo zonsezo zidzachotsedwa pa ndalama zomwezo zimene amalinyero akudikira. Pa chifukwa chimenechi makhoti ambiri amalola kugulitsa sitima mlandu usanathe n'komwe, ndalama n'kuzisunga mpaka chigamulo. Ku England mfundo imeneyi inafotokozedwa bwino pa mlandu wa sitima yotchedwa Myrto mu 1977.

Kuti muone kuopsa kwa kuzengereza, taonani za Rhosus. Inanyamuka ku Batumi m'dziko la Georgia mu 2013 ndi matani 2,750 a ammonium nitrate, mankhwala opangira feteleza amene amathanso kuphulika, ulendo wa ku Beira. Inaima ku Beirut, m'dziko la Lebanon, n'kugwidwa komweko chifukwa cha ngongole za padoko komanso kuwonongeka kwake, mwini wake n'kuitaya. Kaputeni ndi anzake angapo anakhala m'sitimamo pafupifupi chaka asanaloledwe kupita kwawo. Sitimayo inawolera pomwepo mpaka inamira mu 2018, ndipo sitima yomira ilibenso woigula. Katundu wake, amene anamutsitsira m'nyumba yosungiramo katundu padoko, ndiye anaphulika pa 4 Ogasiti 2020 n'kupha anthu oposa 200.

Kagulitsidwe kake sikovuta kumva. Khoti limasankha akatswiri owerengera mtengo wa sitimayo, kenako limalengeza m'nyuzi za malonda apanyanja monga Lloyd's List ndi TradeWinds. Ofuna kugula amabwera kudzaiyendera mpaka m'chipinda cha injini. Kwina amagulitsa pa okushoni ya poyera, kwina aliyense amalemba mtengo wake m'envulopu yomata. Woyendetsa zimenezi ndi wogwira ntchito wa khoti: ku England amamutcha Admiralty Marshal, ku Singapore sherifu. Wogula amaitenga mmene iliri. Ndipo ndalama sizipita m'manja mwa banki imene inagwiritsa sitimayo. Zimalowa m'thumba la khoti, n'kudikira kuti aliyense amene ali ndi dandaulo abwere.

Apa mpamene anthu ambiri amasokonezeka, ndiye mundimvetse bwino. Malipiro a malinyero ali m'gulu la ngongole zimene malamulo amazitcha maritime lien. Ngongole yotereyi imakakamira pa sitima ngati nkhupakupa. Mwini wake ataigulitsa mwakachetechete kwa mnzake, ataisintha dzina, ataikweza mbendera ina, ngongoleyo imapita nayo, ndipo malinyero akhoza kukaigwiritsa kwa mwini watsopanoyo. Koma ikagulitsidwa ndi khoti zimasintha. Sitima imatuluka yopanda ngongole iliyonse, chikole cha banki chafafanizidwa, madandaulo onse achoka. Achoka pa sitima n'kukakhala pa ndalama zimene zili kukhoti zija. Tsiku logulitsa likadutsa, amuna anu alibenso chonena kwa wogulayo, ngakhale atakana kutsika. Ufulu wawo wonse wasamukira ku thumba lija.

Ena amati lamuloli limakondera ogula. Ine sindikuona choncho. Ndani angapereke mtengo wabwino pa sitima imene mawa ikagwidwanso padoko lina chifukwa cha ngongole za mwini wakale? Ogula akakhala ndi mantha amatchula mtengo wotsika, thumba limachepa, ndipo oyamba kulira ndi amene akudikira kugawiridwa. Mantha amenewa si ongopeka. Sitima ina imene khoti la ku Jamaica linagulitsa mu 2018, n'kupatsidwa dzina loti Bright Star, inagwidwanso ku Malta chaka chomwecho ndi amene anali ndi chikole chakale, ndipo mlandu unatenga zaka wogulayo asanapambane mu 2023. Pofuna kuthetsa zoterezi, United Nations inavomereza pangano latsopano pa 7 Disembala 2022, ndipo mayiko anayamba kulisainira ku Beijing pa 5 Sepitembala 2023. Panganoli likuti khoti logulitsa lipereke satifiketi, ndipo m'mayiko ena amene ali m'panganomo ofesi ya kaundula wa sitima ifafanize zikole zakale, makhoti asaigwirenso pa ngongole zakale, ndipo wofuna kutsutsa kugulitsako akatsutsire kudziko kumene inagulitsidwira. Likufunanso kuti chidziwitso cha kugulitsa chiikidwe poyera kudzera ku IMO, bungwe la United Nations loona za maulendo apanyanja. Za kagawidwe ka ndalama panganoli silikhudzako. Zimenezo limazisiyira malamulo a dziko limene likugulitsa.

Tsono mzere wolandirira uli chonchi. Pangano lina la ku Geneva, la 1993, lonena za ngongole zokakamira ndi zikole za sitima, likuti choyamba kuchotsedwa ndi ndalama zimene zawonongedwa pogwira, posamalira ndi pogulitsa sitimayo, kuphatikizapo chakudya ndi malipiro a amalinyero kuyambira tsiku limene inagwidwa. Kenako pamabwera ngongole zokakamira zija, ndipo pa mndandanda wake malipiro a kaputeni ndi amalinyero, pamodzi ndi ndalama zowabwezera kwawo, ndiwo ali pamwamba. Pambuyo pawo pali chipukuta misozi cha ovulala ndi omwalira, malipiro a opulumutsa sitima pangozi, misonkho ya padoko, ndi zimene sitimayo inawononga. Opulumutsa sitima okha ndi amene amatha kudumpha n'kukhala patsogolo pa ngongole zimene zinalipo iwo asanaipulumutse, poti pakanapanda iwo sipakanakhala chogulitsa. Onsewa akalandira mpamene banki ya chikole imafika. Si mayiko onse amene ali m'pangano la 1993, koma ngakhale England ndi United States, amene salimo, amaika malipiro a amalinyero patsogolo pa chikole. Ku South Africa lamulo la 1983 linandandalika mzerewu m'ndime 11, ndipo nakonso amalinyero ali patsogolo pa banki, bola dandaulo lawo lisapitirire chaka.

Tiyerekeze kuti sitima yagulidwa madola 4 miliyoni. Zowonongedwa ndi khoti zakwana 200,000, amalinyero onse pamodzi akufuna 300,000, banki ikufuna 9 miliyoni. Khoti lichotsa zake, amalinyero alandira 300,000 yawo yonse, banki itenga 3.5 miliyoni yotsalayo n'kuluza zina zonse. Amene ali kumbuyo kwa banki, omwe m'mayiko ambiri ndi ogulitsa mafuta, chakudya ndi zipangizo, abwerera chimanjamanja. N'chifukwa chake nthawi zina banki yomweyo imapempha chilolezo kukhoti kuti ilipiretu amalinyero ndi kuwagulira matikiti. Imadziwa kuti ndalama zimenezo sizingakhale zake, ndipo tsiku lililonse limene anthuwo ali m'sitima likuchepetsa gawo lake.

Sindikufuna kukunamizani kuti nthawi zonse zimatha bwino. Sitima ikakhala yakalekale, yongoyenera kukaphwanyidwa ngati zitsulo, ndipo yakhala padoko nthawi yaitali, zowonongedwa ndi khoti zikhoza kudya gawo lalikulu, amalinyero n'kugawana zotsala molingana ndi zimene aliyense akufuna. Ngongole yotsalayo imakhalabe pa kampani, koma kampani imene inali ndi sitima imodzi yokha ikakhala yopanda sitima ndi dzina chabe papepala. Kagawidwe nakonso kamatenga miyezi, chifukwa khoti limayamba lapereka nthawi yoti onse odandaula aonekere.

Nthawi imeneyo ndi imene ndikuopa ine. Chilengezo chake chimatuluka m'nyuzipepala za dziko limenelo, mwina m'chilankhulo chimene amuna anu sachimva, ndipo khoti silingapatse ndalama munthu amene silikumudziwa. Ngakhale pangano la 1993, limene likuti chidziwitso chiperekedwe kutatsala masiku osachepera 30 kuti sitima igulitsidwe, pa eni ngongole zokakamira likunena za okhawo amene dandaulo lawo lafika kale kwa ogulitsawo. Banki ili ndi maloya amene sagona. Amalinyero ayeneranso kukhala ndi wowayimira.

Auzeni amuna anu lero lomwe kuti alumikizane ndi inspekitala wa ITF wa padokopo, bungwe la mayiko onse la ogwira ntchito zamtengatenga. Anthu amenewa ntchito yawo ndi yomweyi, ndipo amadziwa maloya a milandu ya zapanyanja. Ku Aberdeen, m'dziko la Scotland, amalinyero a ku India a sitima ya Malaviya Seven atakhala osalipidwa kuyambira 2016, ITF ndiyo inawathandiza kugwiritsa sitimayo iwo eni, khoti n'kulamula mu 2017 kuti igulitsidwe. Asonkhanitsenso umboni: kontirakiti yawo, mapepala a malipiro a mwezi ndi mwezi, buku lawo la umalinyero, maola a ovataimu, ndi mauthenga onse a kampani. Kaputeni alembe ndalama zimene aliyense akufuna, asaine, adinde chidindo cha sitima. Zonsezo azijambule pafoni akutumizireni, chifukwa mapepala amanyowa ndiponso amasowa pa tsiku lotsika.

Pali khomo lina limene siliyembekezera kugulitsa. Pangano la mayiko loteteza ufulu wa amalinyero, lotchedwa MLC, la 2006, pa zosintha zimene zinayamba kugwira ntchito mu Januwale 2017, likuti sitima ikhale ndi inshuwalansi ya amalinyero otayidwa ndi eni ake. Munthu akakhala miyezi iwiri osalipidwa amawerengedwa kuti watayidwa. Inshuwalansiyo imapereka malipiro a miyezi yosapitirira inayi, tikiti yobwerera kwawo, chakudya, madzi ndi chithandizo cha kuchipatala. Satifiketi yake iyenera kupachikidwa poonekera m'sitimamo, ndipo pamakhala dzina la kampani ya inshuwalansi ndi nambala yake. Akaiyang'ane m'makhonde kapena m'chipinda chodyera, aimbe okha osadikira kampani. Miyezi yotsalayo ndi imene adzaifune kukhoti.

Amalinyero ambiri amakakamira m'sitima poopa kuti akatsika ndiye kuti ataya zonse. Kupita kwawo sikufafaniza dandaulo, malinga lalembedwa kale ndipo loya wapatsidwa kalata yomulola kuwayimira. Chimene asachite ndi kutsika mwa okha osauza khoti ndi akuluakulu a padoko, chifukwa angawanamizire kuti anathawa ntchito. Ndipo wina akabwera ndi tikiti ya ndege m'dzanja ili, pepala loti asaine kuti alandira zonse m'dzanja linalo, asasaine mpaka a ITF kapena loya aliwerenge.

Mutiuze dziko limene sitimayo yagwidwira ndi mbendera imene ikuyendera, kuti tione lamulo limene ligwire ntchito ndi ofesi ya ITF imene ili pafupi. Dzina la amuna anu ndi mapepala awo musaziike pagulu pano.