Madola, mayuro kapena ndalama ya konko? Nkhani ya tip pa ulendo wa diving

FUNSO: Zikomo akulu. Ine ndi amuna anga takhala tikusunga ndalama zaka ziwiri kuti tikapange diving, kuja kosambira pansi pa madzi ndi tanki ya mpweya, ku Red Sea, ku Egypt. Tikakhala masiku 7 pa boti lija mumagona momwemo, akuti liveaboard, kunyamukira ku Hurghada, kenako masiku atatu pa hotela. Ulendo tinalipira kale, chikundisowetsa tulo ndi ndalama ya m'thumba. Ena akuti tengani madola, ena akuti mayuro, abambo kunyumbaku akuti khadi yokha ikwana. Nanga tip timapereka zingati, kwa ndani, ndi yokakamiza kodi? Sindikufuna ndikachite manyazi komanso sindikufuna akandidyere masuku pamutu. Mayi N.

YANKHO: Achemwali, muwauze kaye achimwenewo kuti khadi yokha ayi ndithu. Pakati pa nyanja palibe ATM, ndipo olo boti litakhala ndi kamakina ka khadi, netiweki imathawa mukangotalikira kumtunda, komanso ambiri amaonjezera kaperesenti pamwamba mukalipira ndi khadi. Khadi tengani, koma ikhale ya ku hotela ndi za mwadzidzidzi.

Ndiyambe ndi tip poti ndi yomwe imawapeza anthu asanakonzeke. Palibe lamulo lokukakamizani, koma ku Egypt kupereka kangachepe, komwe iwo amati baksheesh, ndi chizolowezi cha tsiku ndi tsiku, ndipo anyamata a pa boti malipiro awo ndi ochepa, gawo lalikulu la zomwe amapita nazo kunyumba ndi tip yomweyo. Pa liveaboard chomwe ambiri amatsata ndi 10% ya mtengo wa ulendo wa pa botiwo. Tiyerekeze munalipira mayuro 1,200 munthu mmodzi, ndiye kuti 120 aliyense, awirinu 240. Mwaona kuti si kandalama kongotola m'thumba usiku womaliza eti? Muiwerengere lero ngati mbali ya mtengo wa ulendo, muiike mu envulopu yakeyake musananyamuke ndipo musaigwirenso. Komanso alembereni a kampani ya botiwo pa imelo muwafunse kuti tip amalandira mu ndalama yanji nanga amagawana bwanji, sizochititsa manyazi, funso limeneli amalilandira sabata iliyonse.

Pogawa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Maso a mlendo amathera pa gaidi, poti ndi amene amalowa nanu m'madzi nkumakulozerani akamba ndi nsomba, ndiye mtima umafuna kumupatsa zonse iyeyo. Koma alipo wina amene mwina simudzamudziwa nkomwe dzina, amakhala pa kompresa kudzaza matanki inu muli kudya kapena muli mtulo, ndipo mpweya womwe mukupuma mamita 20 pansi pa madzi wadutsa m'manja mwake. Pali wa kaboti kakang'ono amene amakusakasakani pa mafunde mukavuuka kutali ndi boti, pali wophika amene wadzuka kusanache, pali wokonza m'zipinda. Maboti ambiri amakhala ndi bokosi kapena envulopu imodzi yomwe onse amagawana, ena amaika ziwiri, ina ya magaidi ina ya ogwira ntchito enawo. Zikakhala ziwiri musaiwale kuti yachiwiriyo akugawana anthu ambiri, ndiye isapepuke. Ngati alipo wina wakukhudzani mtima mwapadera, mupatseni kake pambali, koma musachotse pa ya gulu.

China chomwe chimandipweteka: musadule tip chifukwa choti simunaone shaki kapena ma dolphin, nyama za m'nyanja sizili pa malipiro a munthu. Ndipo musamulonjeze gaidi ndalama kuti akupititseni pansi kuposa pomwe satifiketi yanu ikulola, yoyambira ya Open Water imathera pa mamita 18, kapena kuti akuloleni kugwira kamba mujambulitse. Mukumuika pa mayesero munthu wosowa, ndipo zikavuta ntchito yotha ndi yake. Koma ngati zida zinali zowonongeka kapena sanakusamaleni pa chitetezo, pamenepo chepetsani ndipo muuzeni manejala chifukwa chake.

Tsopano za mtundu wa ndalama. Ya konko ndi paundi ya ku Egypt, ndipo yakhala ikugwa, pa 6 March 2024 inatsika tsiku limodzi kuchoka pa mapaundi pafupifupi 31 pa dola kufika cha m'ma 50. Nchifukwa chake pa tip yaikulu ngati ya pa boti anthu amakondwa ndi madola kapena mayuro, sizisungunuka m'manja. Pakati pa ziwirizi musavutike mutu, zonse amalandira, ndipo ku Red Sea mitengo yambiri ya diving imalembedwa mu mayuro poti alendo ambiri ndi a ku Ulaya. Tengani yomwe mwaipeza mosavuta, chachikulu musasinthe kawiri, kugula madola kenako nkukawasintha kukhala mayuro, chifukwa posintha paliponse osinthawo amadyapo.

Zikhale zapepala, zoyera, zosang'ambika, zosalembedwa ndi bolopeni. Madola akale amakanidwa m'maiko ambiri, ndiye pogula nenani kuti mukufuna atsopano, ya 100 yatsopano ili ndi kamzere ka buluu pakati, inatuluka mu 2013. Musatenge ma 100 okhaokha, sakanizani ndi ma 20, ma 10 ndi ma 5. Ndalama zachitsulo zakunja musapatse munthu chonde. Banki sisintha makoini akunja, ndiye mukamupatsa koini ya mayuro awiri mwamupatsa ntchito yoyenda nayo kupempha alendo ena kuti amusinthire ndi yapepala, muwaona konko akuchita zimenezo pa eyapoti ndi m'mahotela.

Za tinthu ting'onoting'ono, wonyamula zikwama, wa takisi, wosamalira chimbudzi, woperekera zakudya, gwiritsani mapaundi. Tapani pang'ono pa ATM mukangofika, ndipo ma 10 ndi ma 20 muziwasunga poti chenji imavuta. Makina akakufunsani, kaya ndi ATM kaya ndi polipira ku hotela, ngati mukufuna akuwerengereni mu ndalama ya khadi yanu kapena mu mapaundi, sankhani mapaundi nthawi zonse. Njira inayo imaoneka ngati akukuthandizani koma mtengo wosinthira amaika okha ndipo umakhala woipa. Mapaundiwo musatape ambiri, kunja kwa Egypt kuwasintha nkovuta.

Kwa ena amene mukuwerenga koma mukulowera kwina, za ku Egypt musazitenge ngati za dziko lonse. Ku Indonesia, kaya ndi Bali kaya Raja Ampat, lamulo limafuna kuti malonda a m'dzikomo azichitika mu rupiah, ndalama ya konko, ndipo ku zilumba zakutali ma ATM ndi osowa ndiye mutapiretu m'tauni. Ku Maldives mahotela amaika kale 10% ya service charge pa bilu, yang'anani kaye musanaonjezere. Ku Cozumel, Mexico, ambiri amapereka madola 5 mpaka 10 pa tanki iliyonse, koma samalani poti chizindikiro cha peso, ndalama ya konko, ndi $ chomwecho, funsani kuti mtengo walembedwawo ndi wa ndalama iti. Ku Japan tip si chikhalidwe chawo ndipo mutha kumusowetsa mtendere munthu pomupatsa, ku Australia nakonso sayembekezera.

Tibwerere kwa inu Mayi N. Masiku atatu a ku hotelawo mwaganiza bwino, poti a DAN, bungwe loona za chitetezo cha anthu a diving, amalangiza kudikira maola osachepera 18 musanakwere ndege ngati mwakhala mukulowa m'madzi masiku angapo. Koma envulopu ya pa boti imaperekedwa usiku womaliza musanatsike, ndiye musadalire kuti mukatapa mukafika kumtunda. Ikhale kale m'chikwama chanu cha m'manja, m'kapulasitiki kotseka bwino, poti pa boti chilichonse chimanyowa.