Kodi ndere za m'dziwe zimadya mafuta?

Aphunzitsi ena a ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, andilembera imelo yonena kuti dziwe lawo la nsomba limabiriwira kwambiri mbali imene kumalowera madzi ochokera kukhola ndi kotsukira mbale. Akufunsa ngati ndere zikudya mafuta a m'madziwo.

Aphunzitsi, simunaphonye kwenikweni. Ndere zobiriwitsa madzi n'zaselo imodzi, ndipo kawirikawiri zimadzipangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga chimachitira chimanga. Komabe mitundu ina, monga Chlamydomonas reinhardtii ndi Chlorella, imakula ngakhale mumdima ikapeza acetate, asidi uja amene amawawasitsa viniga. Mabakiteriya akamawoletsa ndowe m'matope mosafika mpweya amatulutsa acetate ndi butyrate, amene ndi maasidi a mafuta aafupi.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chomwe chimachitika mkati mwa selo. Asidi wa mafuta akakhala wamtali, selo imamudula tizidutswa ta maatomu awiriawiri a kaboni, monga timadulira nzimbe pamfundo; acetate naye ndi kachidutswa kotere. Tizidutswato tikawotchedwa m'njira yanthawi zonse timapereka mphamvu, koma kaboni amauluka ngati mpweya, osatsala womangira thupi. Ndiye ndere zimatsegula njira yachidule yotchedwa glyoxylate, imene asayansi Hans Kornberg ndi Hans Krebs anaifotokoza mu 1957, n'kusunga kaboniyo kuti zipangire shuga ndi sitachi. Chlamydomonas ikangolawa acetate imachulukitsa enzaimu (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'selo) ya isocitrate lyase, yomwe ndi khomo la njirayi, ndipo imachepetsako kudalira dzuwa. Anthufe njira imeneyi tilibe, n'chifukwa chake maasidi a mafuta ambiri a m'thupi mwathu sasanduka shuga.

Ndere nazonso zimasankha. Chlorella imayamba yatsiriza acetate isanakhudze butyrate, ndipo butyrate akachuluka m'madzi a asidi amaigwetsa ulesi pakukula.

Koma mafuta ophikira amene amatsala m'poto ndi nkhani ina, pakuti amangoyandama pamwamba, n'kumadikira mabakiteriya kuti awaphwanye. Kubiriwira kumene mukuonako ine ndikukuika kwambiri pa nayitrojeni ndi fosiforasi za m'ndowe. Kazondeni dziwelo mbandakucha: mukapeza nsomba zikuyasamula pamwamba, ndere zamaliza mpweya usiku, choncho mupatutse ngalande ya kukholayo kwa masiku angapo ndi kulowetsamo madzi abwino.