Ku Oaxaca musaphonye Teotitlán del Valle

Achimwene mwafunsa kuti muli ndi tsiku limodzi lokha ku Oaxaca, mzinda wa ku Mexico, mupite tauni iti kukaona zaluso zamanja. Ine ndinganene Teotitlán del Valle basi. Ndi pafupi, makilomita ngati 30 kuchoka mumzinda kulowera ku Mitla, mumakwera tima takisi tawo timene amati colectivo ndipo mnjiramo mukhoza kuima kaye pa El Tule kuona chimtengo chija chachikulu thunthu lake.

Anthu ake ndi a mtundu wa Zapotec ndipo pafupifupi khomo lililonse amawomba makapeti a ubweya wa nkhosa pa chimakina chamatabwa chopondera ndi mapazi. Koma chosangalatsa kwambiri ndi utoto wake eti. Ofiira uja amautenga ku tizilombo ting'onoting'ono totchedwa cochinilla tokhala pa chomera chaminga cha nopal, amatiumitsa n'kutipera pamwala, kenako akupakani padzanja n'kufinyirapo ndimu muona wasanduka olenji, akathira soda wapita ku pepo, pompo maso muli tong'o. Wabuluu ndi wa chomera cha añil.

Tengani kashi wa ma peso, makadi si paliponse. Ndipo mukagule pakhomo pa owombawo, osati kumene adilaiva onyamula alendo odzaona malo akukokerani, pajatu amadyapo komishoni. Kunenerera kulipo koma osawafinya kwambiri abale, kapeti yaikulu imawatengera masabata ambiri. Likakhala Lamulungu mudzerenso pa msika wa Tlacolula, ndi chapompo.