Laputopu siikuona hotspot ya foni: musafulumire kuifomata

Achemwali, mwanena kuti laputopu imene munagula kwa munthu siikuona hotspot ya foni yanu, pomwe mafoni a ana m'nyumbamo akulumikizika bwinobwino, ndipo wina wakuuzani kuti ingofomatidwa n'kuikamo Windows wina. Chonde, dikirani kaye. Kufomata chifukwa cha Wi-Fi kumatayitsa mafayilo ndi ndalama, ndipo kawirikawiri vuto limatsala pomwepo.

Dinani kachizindikiro ka Wi-Fi kumunsi chakumanja, pafupi ndi wotchi. Kodi mayina a manetiweki a anthu ena, monga a maneba, akuoneka, koma lanu lokha ndiye kulibe? Ngati zili choncho, laputopu yanu ilibe vuto. Wi-Fi imayenda m'misewu iwiri yodziwika, wa 2.4 GHz ndi wa 5 GHz. Malaputopu ambiri akale, makamaka otchipa, amangodziwa wa 2.4 basi. Foni ikatsegula hotspot pa 5 GHz, laputopu yotere siiona ngakhale dzina lomwe, olo mutaisanjika foniyo pa kiyibodi penipeni. Mafoni a anawo akuiona chifukwa amadziwa misewu yonse iwiri.

Kukonza kwake kuli pa foni. Pa Android lowani mu Settings, pitani pa hotspot, pezani polembedwa Band kapena AP band, musankhe 2.4 GHz. Pa iPhone 12 kupita m'tsogolo, mu Personal Hotspot muli Maximize Compatibility, muyatse imeneyo. Pa Android, mukadali pomwepo onaninso za Security, posankhira njira yotetezera hotspot. Njira ya WPA3 inabwera mu 2018, ndiye makadi a Wi-Fi akale (tizipangizo tolandira Wi-Fi mkati mwa laputopu) saidziwa. Sankhani WPA2, imene yakhalapo kuyambira 2004, ndipo pasiwedi ikhale ya zilembo zosachepera 8. Mukatero zimitsani hotspot n'kuiyatsanso.

Ndikuumirira pa zimenezi chifukwa ndinaziona kwa mphwanga amene ali ku koleji. Anabwera kunyumba madzulo laputopu ili m'chikwama, nkhope yagwa, asayimenti ikufunika mawa lake, ndalama yofomatira atabwereka kale kwa mnzake. Tinakhala pakhonde, ine n'kungosintha kamzere ka Band kaja pa foni yake. Dzina la hotspot linatulukira nthawi yomweyo, ndipo ndalama ija anakabweza kwa mwini wake.

Koma ngati sipakuoneka dzina lililonse, nkhani ndi ina. Onani ngati Airplane mode yayaka, kachizindikiro kake ndi kandege. Pamzere wapamwamba wa kiyibodi, pa mabatani a F1 mpaka F12, pamakhala limodzi lojambulidwa kandege kapena kamlongoti. Lidineni limodzi ndi batani la Fn. Malaputopu ena akale ali ndi kaswichi kakang'ono m'mbali kapena kutsogolo, kamene kamasuntha kokha poika ndi potulutsa m'chikwama. Yendetsani chala m'mphepete monse.

Zikakanika, dinani batani la Start ndi mbali yakumanja ya mausi, musankhe Device Manager, mutsegule Network adapters. Mukufuna mzere wokhala ndi mawu oti Wireless, Wi-Fi kapena 802.11. Ukakhala ndi kachizindikiro kachikasu, kapena ukasoweratu, mwina amene anakugulitsaniyo anaika Windows koma sanaike draiva, kapulogalamu koyendetsa kadi ya Wi-Fi. Mudzati nanga draivayo ndiipanga dawunilodi bwanji popanda intaneti? Tengani chingwe chotchajira foni, lumikizani foni ku laputopu, muyatse USB tethering pa foniyo. Intaneti ilowa kudzera m'chingwe, kenako pitani pa Windows Update kapena pa webusaiti ya kampani imene inapanga laputopuyo. Kadi ya Wi-Fi ikakhala kuti inaferatu, pali tima adapta ta Wi-Fi tolowetsa pa USB, tating'ono ngati chikhadabo, timagwira ntchito bwino ndithu.

Hotspot ikayamba kuoneka koma n'kumakana pasiwedi, samalani ndi kiyibodi. Malaputopu ochokera ku UK ali ndi @ pamalo osiyana ndi a ku America, ndiye mukhoza kudina @ koma n'kulembeka chizindikiro china. Dinani kadiso kali kumapeto kwa bokosi lolembamo pasiwedi kuti muone zomwe mwalembadi, ndipo kumbukirani kuti A wamkulu ndi a wamng'ono si chilembo chimodzi. Ngati munasinthapo pasiwedi, dinani dzina la hotspot ndi mbali yakumanja ya mausi, musankhe Forget, muyambirenso.

Ikalumikizika koma masamba osatseguka, yambani mwaona bandulo. Ya WhatsApp kapena Facebook yokha, kaya ya Airtel kaya ya TNM, siitsegula masamba ena onse. Onaninso deti. Kabatire kosunga nthawi mkati mwa laputopu kakatha, deti imabwerera m'mbuyo ndipo masamba ambiri amakana kutseguka mpaka mutaikonza.

Chinthu chimodzi musachiiwale ikangolumikizika, chifukwa ichi ndiye chimaliritsa anthu ambiri. Windows amaiona hotspot ngati Wi-Fi yopanda malire, ndiye amayamba kukoka ma update mwakachetechete. Laputopu ikakhala kuti yatha miyezi osalowa pa intaneti, bandulo ya mwezi wathunthu ikhoza kutha usiku umodzi. Lowani mu Settings, Network & Internet, Wi-Fi, dinani dzina la hotspot yanu, muyatse Metered connection kuti Windows adziwe kuti bandulo ili ndi malire. Ma update akuluwo mudzachite mukapeza Wi-Fi ya kuntchito kapena bandulo yaikulu.

Yesani za 2.4 GHz zija madzulo ano. Zikapanda kutheka, jambulani zomwe zili pansi pa Network adapters mutitumizire, mutiuzenso mtundu wa laputopuyo ndi Windows amene alimo.