Munthu wolima kachewere ku Mars: bodza la filimuyi lili pati?

Achimwene ena a ku Zomba ananditumizira imelo sabata yatha, ndipo ndiifupikitsa. Loweruka madzulo anaonera filimu ya The Martian kunyumba kwawo pamodzi ndi alamu awo ndi ana. Alamuwo anadzuka filimu isanafike n'pakati pomwe, ati palibe chikuchitika, munthu akungowerengera masamu n'kumalankhula yekha. Mwana wamkulu wa Fomu 3 anaonera mpaka kumapeto osaphethira, kenako n'kufunsa ngati bambo uja adakali moyo. Eni imelowo anaikonda, koma mumtima akuti zolima mbatata ya kachewere ku Mars ndi zopanga madzi ndi moto ndi nthano chabe. Funso lawo ndi lakuti: "Filimu imodzi ingagawe bwanji nyumba chonchi, nanga waiona bwino ndani pakati pathu?"

Achimwene, nyumba yanu sinagawike yokha. Filimuyi itatuluka mu Okutobala 2015, anthu m'mayiko ambiri anagawika chimodzimodzi, ndipo chimene ndinaona ine pa mikangano yonseyo n'chakuti ambiri amakayikira malo olakwika. Zimene zimaoneka ngati bodza lamkunkhuniza ndizo zili pafupi ndi choonadi, pamene bodza lenileni anthu amalimeza osatafuna.

Kwa amene sanaione: gulu la anthu asanu ndi mmodzi lili ku Mars, namondwe akuwakakamiza kuthawa, ndipo mmodzi, Mark Watney, akutsala poganiziridwa kuti wafa. Chombo china chidzafika pakatha zaka zinayi, chakudya chimene ali nacho n'chochepa kwambiri, wailesi yolankhulira ndi anthu a kuno yaonongeka. Amene akusewera ngati Watney ndi Matt Damon, wotsogolera filimu ndi Ridley Scott, ndipo nkhaniyo inachokera m'buku la Andy Weir. Mapiri ofiira aja anawajambula ku Wadi Rum m'dziko la Jordan.

Bodza lalikulu ndi namondwe uja wa koyambirira, amene akuthyola zitsulo, kunyamula munthu n'kumuponya kutali, mpaka roketi kuyamba kupendekeka. Palibe amene amadandaula naye, chifukwa tonse tinaonapo mphepo ikusasula madenga. Koma mpweya wa ku Mars ndi wopyapyala kwambiri, kupanikiza kwake sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a mpweya wa kuno. Mphepo yothamanga makilomita 100 pa ola kumeneko imakankha ngati kamphepo kosafika makilomita 15 pa ola kuno, koti kangauluze nsalu pa chingwe basi. Weir mwini wake anavomera poyera kuti ankadziwa zimenezi, koma anafuna kuti nkhani iyambe ndi Mars kumenya munthu. Anamondwe a fumbi alikodi, ena amakuta dziko lonselo, koma kuopsa kwawo n'kwina: amaphimba dzuwa. Mu Juni 2018 namondwe wotere anazimitsa Opportunity, kagalimoto ka NASA (bungwe la ku America loona za m'mlengalenga) kamene kanayenda ku Mars kuyambira 2004, chifukwa masola ake anasowa kuwala, ndipo sikanadzukenso. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti kumapeto kwa filimu yomweyo, Watney akunyamuka m'roketi yochotsa mutu, yongophimba ndi lona, ndipo chifukwa chimene akupereka n'chakuti mpweya wa ku Mars ndi wopyapyala moti sungamupweteke. Apo anena zoona. Ndiye mpweya umodzimodziwo wagwetsa zitsulo koyambirira, kumapeto walephera kukhala choopsa.

Tsopano za kachewere, zimene inu mwazikayikira. Pano ndikhalitsapo, chifukwa aliyense amene anakhalapo ku Dedza kapena ku Ntcheu amadziwa kuti kachewere safuna mbewu ya m'paketi. Umangodula mbatatayo m'zidutswa, chilichonse chikhale ndi diso, n'kukwirira. Watney anali ndi mbatata zaziwisi zowerengeka zimene anawalongedzera kuti adzadye pa chikondwerero. Sanalime panja, pamene kuzizira ndi kusowa mpweya zikanapha mbewu nthawi yomweyo. Analima m'nyumba yawo yotsekeka, yofunda, yokhala ndi magetsi. Dothi la ku Mars lili ndi michere ina koma lilibe chamoyo chilichonse chimene tikuchidziwa, n'chifukwa chake anathiramo za m'chimbudzi za iye ndi anzake, kuti zipereke manyowa ndi tizilombo tam'dothi. Ambiri m'maholo a kanema anachita nseru pamenepa, ena kuseka. Koma mlimi amene anagwiritsapo manyowa a m'chimbudzi cha ekosani sangadabwe nazo. Vuto lenileni limene filimu inalidumpha ndi mchere wina wotchedwa perchlorate, umene chombo cha Phoenix chinaupeza m'dothi la ku Mars mu 2008. Mcherewu umasokoneza chithokomiro, ndipo dothilo liyenera kutsukidwa ndi madzi lisanadzalidwe kanthu, ntchito imene Watney sitimuona akuigwira. Filimu itatuluka, bungwe la International Potato Center la ku Lima, ku Peru, linayamba kuyesa mothandizana ndi akatswiri a NASA, pogwiritsa dothi louma, lamchere, la m'chipululu cha Pampas de la Joya, ndipo mu 2017 linalengeza kuti mbatata inamera m'bokosi loyerekeza nyengo ya ku Mars. Uku sikunali kulima ku Mars kwenikweni, dothi lake linali la kuno. Komabe mukuona kuti nkhaniyo si yongopeka m'mutu.

Madzi nawo ndi phunziro limene mwana wanu wa Fomu 3 angalitsatire. Mafuta a roketi otchedwa hydrazine ali ndi naitrojeni ndi haidrojeni. Ukawadonthezera pa chitsulo cha iridium amagawanika, ndipo haidrojeni ukamuotcha mu okosijeni chotsatira chake ndi madzi. Zimatheka, kungoti n'zoopsa zedi: hydrazine ndi poizoni, ndipo haidrojeni akachuluka amaphulika. Filimu inaonetsa kuphulikako, Watney ataiwala kuwerengera okosijeni amene iye mwini akupuma. Ine chochitika chimenechi ndimachikonda kuposa zonse, chifukwa munthuyo analakwitsa masamu, masamuwo n'kumulanga, iye n'kubwerera kukawerengeranso tsitsi likufuka utsi.

Pali chifukwa chake zinthu zotere zinalongosoka. Weir anali katswiri wolemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo bukuli ankaliika pa intaneti chigawochigawo kwaulere. Owerenga ake, ena mwa iwo akatswiri a kemisitiri ndi zamagetsi, ankamulembera pomwe walakwitsa, iye n'kumakonza. Njira ya chombo kuchoka kuno kupita ku Mars anaiwerengera ndi pulogalamu imene anadzilembera yekha. Kenako analigulitsa pa Kindle, msika wa mabuku wa pa intaneti, masenti 99 a ku America, mpaka kampani yosindikiza inalitulutsa mu 2014. Choncho anthu otsutsa, amene amaima ndi pensulo kufunafuna zolakwika, analipo nkhaniyi isanathe n'kulembedwa komwe, ndipo anathandiza kuimanga. Ndikamva wina akuti "apa ananama", sindimamuona ngati mdani wa filimuyi. Filimu ya zilombo zoombana ndi malupanga a moto palibe amene amaiwerengera masamu. Iyi inayala masamu ake patebulo, n'chifukwa chake anthu amaitsutsa.

Alamu anu ndiwamvetse. Ambiri a ife tinakulira m'mavidiyo shoo momwe filimu imayenda ndi lamulo lodziwika: pali akita, pali bosi wa zigawenga, ndipo kumapeto awiriwo akumane. Muno mulibe woipa ndi mmodzi yemwe. Ngakhale mkulu wa NASA amene akukana maganizo ena sakukana chifukwa cha nkhanza, akuopa kutaya anthu asanu pofuna kupulumutsa mmodzi. Mdani ndi njala, kuzizira ndi mtunda. Uthenga wochoka kuno umatenga mphindi zoyambira 3 mpaka 22 kuti ufike ku Mars, kutengera pomwe mapulanetiwa ali, moti ngakhale kukangana sikungakome. Munthu amene akudikira nkhonya adzadikira mpaka mayina ayambe kukwera. Otsutsa ena, amene amakonda mafilimu ozama, anadandaula mbali ina: Watney sasweka mtima mokwanira. Munthu wokhala yekhayekha chaka ndi theka, osaona nkhope ya mnzake, angamangoseka n'kumanyoza nyimbo za disiko zimene mtsogoleri wake anasiya? Nthabwalazo zinachuluka moti mu Januwale 2016 filimuyi inapata mphoto ya Golden Globe m'gulu la mafilimu oseketsa, chinthu chimene anthu ambiri anachinyoza. Dandauloli ndimaliona kuti lili ndi nzeru. Ndikanakonda kuona usiku umodzi wautali womwe munthuyo wataya mtima kotheratu. Komabe anthu otumizidwa m'mlengalenga amasankhidwa mosamala pa khalidwe lomweli, losanjenjemera zinthu zikavuta, choncho Watney wolira tsiku ndi tsiku akanakhala wabodza kuposa uyu.

Chimene sindingachiteteze ndi mapeto, pomwe Watney ali m'mlengalenga akuboola chovala chake padzanja kuti mpweya wotuluka umuulutse kupita kwa anzake amene abwerera kudzamutenga. M'buku maganizowa amangotchulidwa n'kukanidwa. Munthu wochita zotere angangozungulira ngati nguli.

Mwana wanu musamuseke. Filimuyi itangotuluka, akuluakulu ambiri analemba pa Twitter kufunsa ngati ndi nkhani yoona, ndipo enanso anawanyoza kwambiri. Koma taonani zimene zinawasokoneza. NASA ndi yeniyeni, ndipo inathandiza opanga filimu. Pathfinder, chombo chakale chimene Watney akuchifukula mumchenga kuti alankhulire ndi dziko, chinateradi ku Mars pa 4 Julaye 1997 ndipo chidakali komweko. Pa 28 Seputembala 2015, kutangotsala masiku ochepa kuti filimu iyambe kuonetsedwa, NASA inalengeza zizindikiro za madzi amchere pa zitunda za ku Mars, moti ena anaganiza kuti ndi malonda a filimu. Zoona ndi zopeka zinasakanikirana pa nyuzi sabata imodzi. Mumuuze mwanayo kuti palibe munthu amene anapondapo ku Mars. Kutali kumene munthu anapondapo ndi ku mwezi, anthu 12 okha, omaliza mu Disembala 1972.

Ngati akufuna nkhani yoona yofanana nayo, ilipo. Mu Epulo 1970 thanki ya okosijeni ya chombo cha Apollo 13 inaphulika anthu atatu ali paulendo wa ku mwezi: Jim Lovell, Jack Swigert ndi Fred Haise. Anathawira m'kachombo kopangira anthu awiri, mpweya woipa umene ankapuma unayamba kuchuluka, ndipo zosefera zimene anatsala nazo zinali za ngodya zinayi pomwe bowo lake linali lozungulira. Akatswiri a NASA a ku Houston anapeza njira yozilumikiza ndi thumba la pulasitiki, katoni, paipi ndi tepi, n'kuwafotokozera pa wailesi. Onse atatu anatera m'nyanja ali moyo pa 17 Epulo.

Ndiye waiona bwino ndani? Ine ndikuti mwanayo, ngakhale anaphonya pa funso lake, chifukwa anakhala chete maola awiri ndi kanthu akutsatira munthu akuganiza, ndipo filimuyi inapangidwira zimenezo. Mukamaoneranso, mumuonetse Vincent Kapoor, mkulu woyang'anira maulendo a ku Mars amene akuzindikira kuti Watney akupita kukafukula Pathfinder. Ameneyo ndi Chiwetel Ejiofor, yemwe patapita zaka zochepa anabwera ku Malawi, kuphunzira Chichewa, n'kutsogolera filimu ya 2019 yonena za William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu amene anapanga makina a magetsi oyendera mphepo ndi zitsulo zotola, dainamo ya njinga ndi buku la m'laibulale. Ejiofor anasewera ngati bambo ake a William. Imeneyo akadzafunsa ngati inachitikadi, mudzayankha kuti inde.